Mafunso ndi Mayankho: Tchuthi Chosambira pa Nyanja kwa Masiku Angapo

FUNSO: Zikomo Alangizi. Ndine bambo wa zaka za m'ma 40, ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuno ku Lilongwe, ndipo ndinaphunzira kusambira ndili wamkulu kale m'dziwe la pa hotela ina. Posachedwapa ndinaona pa intaneti kuti ku Ulaya kuli makampani amene amatenga anthu pa tchuthi cha sabata yathunthu n'kumasambira nawo m'nyanja zosiyanasiyana tsiku ndi tsiku, wotsogolera ali m'boti pambali pawo. Ine ndi anzanga amene timasambira limodzi Loweruka lililonse tatengeka nazo mtima. Kodi tisunge ndalama kuti tipite kunjako, kapena zoterezi n'zotheka konkuno? Ngati n'zotheka, tiyambire kuti, mwezi uti, ndipo munthu ayenera kukhala wodziwa kusambira kufika pati? Wowerenga, Area 47.

YANKHO: Bambo, ndalamazo sungani ndithu, koma mukazigwiritse ntchito pa Nyanja ya Malawi, ndipo zambiri mwa izo zipite kwa mwini boti ndi kwa munthu wodziwa madzi a kumaloko, osati ku zovala ndi zipangizo zokongola zimene munaziona pa zithunzi.

Maulendo amene munawaonawo alipodi. Kampani ya SwimTrek ya ku England, yomwe inayamba mu 2003, ndi imodzi mwa amene anatchukitsa tchuthi cha mtundu umenewu, ndipo masiku ano alipo makampani ambiri amene amapita ndi anthu ku nyanja za Bled ndi Bohinj m'dziko la Slovenia, kapena ku Windermere, nyanja yotalika pafupifupi makilomita 17 ya kumpoto kwa England. Kayendetsedwe kake n'kofanana pafupifupi kulikonse. Tsiku loyamba otsogolera amayesa aliyense pa kamtunda kochepa kuti aone liwiro lake, kenaka amagawa anthu m'magulu, gulu lililonse ndi zipewa za mphira za mtundu wake kuti lizidziwika lili patali, komanso ndi boti lake loliperekeza. Amasambira m'mawa, n'kutuluka kuti adye ndi kupuma, n'kubwereranso m'madzi masana, moti pa tsiku munthu wamba amakwanitsa makilomita 3 mpaka 5, katundu wake atatsogola kale kumene akagone. Vuto lake kwa ife ndi lodziwikiratu. Malipiro ali m'mapaundi kapena m'mayuro, tikiti ya ndege ndi yapadera, chiphaso cholowera m'dzikolo nachonso n'chapadera, ndipo aliyense amene wayesapo kupempha ndalama zakunja ku banki m'zaka zino akudziwa mmene zimakhalira. Kuwonjezera apo madzi a ku Windermere kawirikawiri sapitirira madigiri 20 ngakhale m'chilimwe, kotero kuti munthu wozolowera dziwe lofunda amabanika akangolowa, ndipo ambiri amasambira atavala wetsuit, chovala cha mphira chothina chimene chimasunga kutentha kwa thupi.

Nyanja yathu ilibe vuto limenelo, chifukwa madzi a pamwamba kawirikawiri amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29. Ndi yachitatu kukula mu Africa, yotalika makilomita oposa 560, ndipo pamene ndi yotakata kwambiri imafika makilomita 75. Chakumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Anthu anaisambirapo kale pa mitunda yoopsa: mu 1992 Lewis Pugh ndi Otto Thaning anaiwoloka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25, ndipo mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira utali wake wonse m'masiku 54, zomwe zikutanthauza makilomita oposa 10 tsiku lililonse. Anthu amenewa sindikuwatchula kuti muwatsanzire, koma kuti muone kuti ngakhale akatswiri otere sanalowe m'madzi opanda boti ndi anthu owayang'anira. Inu cholinga chanu ndi tchuthi, ndipo tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: kamtunda kochepa m'mawa, kena madzulo ngati nyanja yalola, kwa masiku anayi kapena asanu.

Malo amene ndingakulozereni poyamba ndi ku Cape Maclear, pa mudzi wa Chembe m'boma la Mangochi, ulendo wa maola pafupifupi anayi kuchoka ku Lilongwe ngati mutatsikira ku Golomoti. Derali lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwambiri pa dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba za mbuna zimene sizipezeka kwina kulikonse. Ubwino wa malowa kwa osambira ndi wakuti zilumba zili moyandikana, kotero kuti tsiku lililonse mukhoza kukhala ndi kopita kwatsopano popanda kutalikira mtunda kwambiri. Mungayambe ndi kutsata miyala ya ku Otter Point, kumene gombe limakhala pafupi nthawi zonse ndipo wotopa akhoza kukwera pa mwala n'kupuma. Tsiku lina mungawolokere ku chilumba cha Thumbi, chomwe chili pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi kuchoka pa mchenga wa Chembe, kenaka m'masiku otsatira n'kutsata mbali ya chilumba cha Domwe. Ku Mumbo, komwe ndi makilomita pafupifupi 10, pitani pa boti, mukasambire mozungulira chilumbacho chifukwa n'chaching'ono. Kuwolokera kumeneko posambira si kwa ulendo woyamba. Popeza ndi malo otetezedwa, pali ndalama yolowera imene imaperekedwa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo kugona pa zilumbazi kumafuna kukonzeratu ndi amene amayang'anira misasa ya kumeneko.

Pali chinthu chimodzi chimene dziwe la pa hotela silingakuphunzitseni, ndipo n'chimene chimagonjetsa anthu ambiri pa tsiku loyamba. Mukamasambira m'mbali mwa miyala mutavala magalasi a m'madzi, mumaona chilichonse: mbuna zabuluu ndi zachikasu, zina za mizeremizere, zikukukuta ndere pa mwala, zina zikuthamangitsana pa timalo tawo, pafupi kwambiri moti mumafuna kuzigwira. Kenaka mwala uja umapendekeka n'kutsetserekera pansi, nsomba zija zimatha, ndipo m'munsi mwanu mumangotsala madzi obiriwira moderako opanda pothera. Pamenepo mtima umayamba kugunda msanga, mpweya umafupika, miyendo imayamba kupalasa mosalongosoka, ndipo munthu amene amasambira ola lathunthu m'dziwe amapezeka kuti watopa m'mphindi zisanu. Mankhwala ake ndi kuzolowera pang'onopang'ono, komanso kuphunzira kugona chagada pamadzi, manja atatambasuka, mpaka mpweya utabwerera m'malo mwake. Dziwaninso kuti madzi opanda mchere sanyamula thupi ngati mmene amachitira madzi a m'nyanja yamchere, kotero kuti amene anasambirapo ku Beira kapena ku Dar es Salaam asaganize kuti ku Chembe adzayandama mofanana.

Tsono pa funso lanu lakuti munthu akhale wodziwa kufika pati, muyezo wanga ndi uwu. Aliyense wa m'gulu lanu azitha kusambira kilomita imodzi ndi theka osaima, osagwira khoma ndiponso osaponda pansi, zomwe m'dziwe la mamita 25 zikutanthauza kuwoloka ka 60, ndipo azitha kubwerezanso mawa lake thupi lisakudandaula kwambiri. Loweruka lokha silikwanira. Kwa miyezi itatu ulendo usanachitike muzilowa m'madzi katatu pa sabata. Phunzirani kupumira mbali zonse ziwiri, chifukwa mafunde akamachokera kumanja munthu wopumira kumanja kokha amangomwa madzi. Phunziraninso kudzutsa maso pang'ono pakapita mikwapulo ingapo kuti muone kumene mukulowera, popeza pansi pa nyanja palibe mzere wakuda wokulondolerani, ndipo pafupifupi aliyense amakhotera mbali imodzi osadziwa. Pa nyanja mumasankha chizindikiro chachitali cha pamtunda, monga nsonga ya phiri kapena mlambe, osati bwato limene likhoza kusuntha. Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchoka kuno kudzera ku Salima, choncho palibe chifukwa choti musapiteko kumapeto kwa sabata kangapo kukayeserera m'mafunde enieni, mukutsata gombe pamalo pamene anthu a kumeneko akuuzani kuti mpabwino. Amene ali ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi, mphumu, shuga kapena matenda akugwa aonane ndi dokotala kaye, ndipo wotsogolera auzidwe, ngakhale zitakhala zochititsa manyazi kunena pagulu.

Mwezi umene mungasankhe ndi wofunika kuposa malo. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mphepo ya mwera imawomba kuchokera kummwera chakummawa, ndipo popeza imayenda motsata utali wa nyanja, imautsa mafunde aakulu amene amatha kukhalapo masiku angapo osaleka. Sitima ya Vipya, imene inamira mu Julaye 1946 chakumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145, inakumana ndi nyengo yotereyi. Ndikudziwa kuti anthu ambiri a mu ofesi amapeza tchuthi mu Julaye kapena pa Khirisimasi, koma nthawi zonse ziwirizi si zabwino, chifukwa mu Disembala mvula imakhala itayamba, mphepo ya mpoto imabwera modzidzimutsa, mitsinje imathira matope ndi zinyalala m'nyanja, ndipo munthu amene ali pakati pa madzi sangathawe mphenzi. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, pamene madzi amakhala oyera ndipo m'mawa mwambiri nyanja imakhala bata. Vuto la nthawiyi ndi dzuwa. Lowani m'madzi kukangocha, mutuluke dzuwa lisanafike pamutu, mudzole mafuta oteteza khungu ku dzuwa pamsana ndi kumbuyo kwa khosi, ndipo muzimwa madzi pafupipafupi chifukwa munthu amatuluka thukuta ngakhale ali m'madzi, kungoti saliona. Bungwe loyendetsa masewero osambira pa dziko lonse linaika malire a madigiri 31 pa mipikisano ya pa nyanja pambuyo pa imfa ya Fran Crippen wa ku America, amene anafera m'madzi otentha kwambiri pa mpikisano ku United Arab Emirates mu 2010. Wetsuit ija musaigule n'komwe, pakuti kuno ingakutenthetseni koopsa. Chimene mukufunika ndi chipewa chowala, chofiira kapena chachikasu, magalasi awiri kuchitira kuti ena aduka lamba, kathumba kowala koyandama kamene mumamangirira m'chiuno n'kumakakoka, wezulo, ndi Vaseline wopaka m'khwapa ndi m'khosi momwe khungu limanyuka.

Nditsindike za boti. Boti loperekeza likhale la injini, lokwanira kunyamula gulu lonse nthawi imodzi nyengo ikasintha, lokhala ndi mafuta otsalira, nkhafi, chingwe, majekete oyandamitsa okwanira aliyense, madzi akumwa ndi foni yodzaza moto yosungidwa m'pepala la pulasitiki. M'botimo mukhale anthu osachepera awiri, wina woyendetsa ndipo wina wongoyang'ana osambira n'kumawerenga mitu, chifukwa munthu womira kawirikawiri sakuwa kapena kukupiza manja monga mmene timaganizira. Amangokhala chiimire m'madzi, mutu uli chagada, n'kuzimirira mwakachetechete. Woyendetsa adziwe kuti poyandikira munthu injini imachotsedwa m'giya, popeza chopalasira chake chimadula ngati chikwanje. Yesani musananyamuke ngati aliyense angathe kukwera m'botilo kuchokera m'madzi akuya, chifukwa maboti ambiri a matabwa ndi aatali m'mbali ndipo munthu wotopa sangakweremo popanda makwerero a chingwe. Gulu likhale ndi wina wodziwa chithandizo choyamba, amene anaphunzira kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, ndipo mudziwiretu njira ya ku chipatala cha Monkey Bay. Ngati pakati panu pali othamanga ndi ochedwa, boti limodzi silingathe kuyang'anira onse, choncho mwina mubwereke lachiwiri kapena othamanga avomere kuyendera liwiro la wochedwa.

Wotsogolera wabwino ndi amene angathe kukukanizani. Mukapeza munthu amene akuvomera chilichonse chimene mwanena chifukwa mwamulipira, funani wina. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo muzimvera, koma msodzi amene anakulira pa gombelo amaona zambiri zimene wailesi singanene: kumene madzi amakoka pakati pa chilumba ndi mtunda, nthawi imene mphepo imatembenuka masana, ndi pamene anzake atchera. Matchera amaikidwa madzulo n'kukawonjoledwa m'mawa, nthawi yomweyo imene inu mukufuna kusambira, ndipo chizindikiro chake chimangokhala kachigubu kapena kabotolo kapulasitiki koyandama kamene munthu wa m'tauni angakaone ngati chinyalala. Ulusi wake suoneka m'madzi, ndipo ukakulunga mwendo, kulimbana nawo kumangowonjezera kukodwa. N'chifukwa chake m'boti mumafunika mpeni, ndipo n'chifukwa chakenso ndi bwino kuti madzulo aliwonse wotsogolera wanu azicheza ndi a komiti ya pa doko kuti adziwe kumene kuli maukonde.

Pomaliza pa funso lanu, kumbukirani kuti gombe ndi mudzi wa anthu. Mukafika pamalo patsopano perekani moni, ndipo ngati mukufuna kumanga msasa muonane ndi amfumu. Amayi a m'gulu lanu asunge chitenje m'boti kuti azivala potuluka m'madzi. Malo ena ali ndi malamulo awoawo amene saona kuti uyu ndi mlendo, monga chilumba cha Mbenji ku Salima, chimene chili m'manja mwa Mfumu Yaikulu Makanjira, kumene usodzi umatsekedwa miyezi ya dzinja, mowa suloledwa ndipo amayi safikako. Za mowazo muzitsatire paliponse: botolo lidikire mpaka kusambira kwa tsikulo kutatha, ndipo likhale limodzi ngati mawa mukulowanso m'madzi.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamkazi wa zaka 24 akuti akufuna kupita ndi anzake a kuntchito kukasambira ku nyanja kwa masiku asanu, kuchoka pa chilumba china kupita pa china. Ine ndinakulira kufupi ndi mtsinje wa Bua ndipo ndikudziwa zimene ng'ona imachita. Komanso mchimwene wake anadwalapo likodzo ali ku pulayimale. Ndamuletsa koma akuti ndine wachikale. Ndithandizeni. Mayi wodandaula, Kawale.

YANKHO: Mayi, mantha anu ali ndi maziko, ndipo si chikale kudziwa zimene mtsinje wa Bua umasunga. Komabe zoopsa ziwiri zimene mwatchulazi n'zosiyana kukula kwake, ndipo chimene chikuoneka chaching'onocho ndiye chimene mwana wanu angakumane nacho kwambiri.

Ng'ona ndi mvuu zilimo m'Nyanja ya Malawi, koma sizili paliponse mofanana. Zimakonda pamene mitsinje ikuluikulu monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe imathirira m'nyanja, m'mabango, m'madambo ndi m'madzi odekha amatope, komanso kumene mtsinje wa Shire umatulukira ku Mangochi. M'magombe a miyala a madzi oyera ndi akuya, monga a zilumba za ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Likoma, sizipezekapezeka, ngakhale kuti palibe munthu woona mtima amene angalumbire kuti sizingafikeko, makamaka m'dzinja pamene mitsinje yadzaza ndipo nyamazi zimayendayenda. Choncho funsani mwana wanu mafunso awa m'malo momuletsa: akupita dera liti, mwezi uti, adzasambira nthawi yanji, ndipo amene akuwatsogolera ndi wa kumaloko kapena ndi mnzawo wa kuntchito amene anangofikako kamodzi pa Pasaka? Asasambire usiku, m'bandakucha kusanayere kapena chisisira chitagwa, asayandikire mabango kapena pothirira mtsinje, ndipo asalowe pamalo pamene asodzi amatumbulira nsomba. Anthu a pa doko akanena kuti kwaoneka ng'ona masiku amenewo, ulendo wa tsikulo uthere pomwepo.

Likodzo ndi nkhani ina, ndipo pano sindikufuna kukunamizani: aliyense amene wakhala m'madzi a nyanjayi masiku asanu adzione ngati wakumana nalo. Tizilombo take timachokera m'mazira amene amatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala, timakulira m'nkhono zazing'ono za m'madzi, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kusambira, popanda bala kapena ululu. Timachuluka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi, ndipo gombe la Chembe ndi limodzi mwa malo amene ofufuza anapezako matendawa mobwerezabwereza, pakati pa eni mudzi ndi alendo omwe. Pakati pa nyanja ndi m'mbali mwa zilumba zopanda anthu chiopsezo n'chochepa, kotero n'kwanzeru kuti osambira azikwera boti pa gombe n'kukalowera m'madzi akuya, kusiyana ndi kuyenda m'madzi a m'maondo kutsogolo kwa mudzi. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo potuluka kumathandiza pang'ono chabe ndipo sikodalirika. Afunsenso kumene madzi a m'bafa la kumalo ogona amachokera, chifukwa madzi opopedwa m'nyanja n'kuwagwiritsa ntchito nthawi yomweyo amatha kukhala ndi tizilomboti, pamene amene akhala m'thanki masiku awiri, kapena amene awiritsidwa, amakhala abwino.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira m'masukulu, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa mankhwalawa tsiku lomwe abwera ku nyanja n'kumaganiza kuti athana nazo. Praziquantel amapha nyongolotsi zikuluzikulu, osati zimene zangolowa kumene, ndipo zimatenga milungu 6 mpaka 8 kuti zikhwime. Mwana wanu alembe tsiku lomaliza limene anali m'madzi, awerenge miyezi iwiri, kenaka apite kuchipatala akanene kumene anali kuti amuyeze ndi kumupatsa mlingo woyenera, ndipo amwe atadya chifukwa pamimba popanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Asadikire kuona magazi mu mkodzo, popeza akuluakulu ambiri sakhala ndi chizindikiro chilichonse kwa nthawi yaitali pamene mazira akuwononga chikhodzodzo, ndipo kwa amayi matendawa amatha kufika m'njira ya chiberekero n'kumasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Akamva kutentha thupi, kutsokomola kapena zidzolo m'milungu yoyamba atabwerako, apite msanga, akayezetsenso malungo, chifukwa m'mphepete mwa nyanja udzudzu ndi wochuluka kuposa kuno ndipo ayenera kugona m'neti usiku uliwonse.

Madzi a m'nyanja asamwe ngakhale akuoneka oyera bwanji. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unali waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, unakantha kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Mulongedzereni WaterGuard ndi mapaketi a Thanzi ORS m'chikwama. Akakuyankhani bwino mafunso aja, ndipo mukamva kuti pali boti la injini ndi wotsogolera wa kumaloko, ine ndikanakhala inu ndikanamulola, n'kumupempha kuti aziimba foni madzulo aliwonse akatuluka m'madzi.

FUNSO: Ine ndimafuna ulendo wodutsa nyanja zingapo monga amachitira kunja, osati imodzi yokha. Bwanji titayamba ndi Nyanja ya Malawi, n'kutsikira ku Malombe, kenaka Chiuta ndi Chilwa, n'kumalizira ku Kazuni? Mnyamata wokonda masewero, Area 25.

YANKHO: Achimwene, pa mapu ulendo wanu ukuoneka bwino, koma pa nyanja zimene mwatchulazo, yoti munthu n'kusambiramo ndi yoyamba yokha. Malombe ndi nyanja yosaya imene mtsinje wa Shire umadutsamo usanalowe m'nkhalango ya Liwonde, ndipo ng'ona ndi mvuu za mu Shire sizidziwa malire a nkhalangoyo. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere pang'ono, amatope, osaya, ozunguliridwa ndi madambo aakulu, ndipo inaphwapo mu 1968, mu 1995 komanso pafupifupi yonse mu 2018. Likodzo ndi kolera n'zosasowa m'midzi ya asodzi a kumeneko. Chiuta, imene ili m'malire ndi Mozambique, nayonso ndi yosaya ndiponso ya mabango ambiri. Kazuni ili m'nkhalango yotetezedwa ya Vwaza Marsh ku Rumphi, ndi kwawo kwa mvuu ndiponso pomwera njovu, moti ngakhale kuyenda m'mbali mwake kumafuna msilikali wa nkhalango. Nyanja zimenezi kazioneni muli m'boti kapena pamtunda, makamaka Chilwa chifukwa cha mbalame zake.

Ngati chimene mukufuna ndi kusinthasintha malo, Nyanja ya Malawi payokha ikukwanirani, ndipo sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira mu 1951, ingakhale galimoto yanu. Mukhoza kusambira masiku awiri ku Cape Maclear, n'kukwera sitimayo ku Monkey Bay kupita ku Likoma ndi Chizumulu, kumene madzi ndi oyera kwambiri, n'kumalizira ku Nkhata Bay komwe miyala imatsetserekera m'madzi akuya pafupi ndi gombe penipeni. Pa doko lililonse mufunika boti lina ndi wotsogolera wina wa pamalopo, chifukwa wodziwa madzi a ku Chembe ndi mlendo ku Chizumulu. Funsiranitu ndandanda ya sitimayo sabata yomwe mukunyamuka, ndipo musiye masiku awiri apadera pa tchuthi chanu, popeza imatha kuchedwa kapena kuima kuti ikonzedwe, ndipo ku Likoma mukaiphonya mudzadikira maboti ena opita ku Nkhata Bay, amene nawonso amayendera nyengo.